Kadongo ka Pathanki ya Batumeyo

Kale, pamene maboti a injini ankawerengeka ndi zala za dzanja limodzi kumunsi kwa Shire, m'mudzi wa Nkhadzi mudali mkamwini wina dzina lake Batumeyo. Iyeyu adali ndi boti ndi injini yake yakalekale yotsokomola, ndipo ankaolotsa anthu kupita ku minda ya pachilumba. Luso adali nalo, ilo tisamumane. Kabuleta, imene imasakaniza petulo ndi mpweya kuti injini idye, ankaimasula n'kuimanganso ngakhale atatsinzina. Chilema chake chidali phuma. Injini ikangotsokomola, iye asanamve n'komwe kuti yatsokomola motani, sipanala ili kale m'manja. Anthu ankamuseka kuti akadakhala dokotala bwenzi akung'amba mimba munthu wongoyetsemula.

Chaka china mvula idagwa kumtunda masiku anayi osakata, koma ku Nkhadzi kunkawala dzuwa. M'mawa wina Batumeyo adaolotsa mkazi wake Edesi kuti akathyole chimanga chachiwisi, n'kulonjeza kukamutenga masana. Edesi adali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Dzuwa lisanafike pamutu, mtsinje udasanduka wofiira n'kuyamba kubwera ndi mitengo yathunthu. Msodzi wina adafika padooko ali wefuwefu.

“Batumeyo, chilumba chamira. Mkazi wako ndamuona pamwamba pa chulu, akukupiza chitenje. Ndi bwato langa lopalasa sindikadatha kufikapo. Madzi ali kale patsinde pa chulucho.”

Batumeyo adatola thanki ya petulo imene adaisiya m'bango, ili matope okhaokha, n'kuilumikiza ku injini. Potembenuka adapeza m'boti mwakhala kale munthu. Adali aNangondo, mayi ake a Edesi.

Tsono ana inu mudziwe kuti masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake sankayang'anizana m'maso, ndipo sankalankhulana mwachindunji. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Zaka zisanu ndi ziwiri Batumeyo ali pamudzipo, awiriwa adali asanapatsane liwu ndi limodzi lomwe. Tsikulo aNangondo sadapemphe chilolezo kwa munthu. Adakhala kutsogolo kwa boti, adafunda chitenje kumutu, n'kuyang'ana kuchilumba.

Injini idalira atangokoka chingwe kamodzi, boti n'kuyamba kung'amba madzi. Koma atayenda kamtunda, kulira kwake kudayamba kufooka. Batumeyo adawonjezera moto, injini osamvera. Idatsokomola kawiri n'kuzima.

Adakocheza boti ku bango msangamsanga. Adatsegula chitsekero cha thanki kuti aone ngati petulo watha. Thankiyo idati psii, koma makutu a munthu waphuma samva zazing'ono. Petulo adalimo wodzaza. Adatseka.

“Ndi kabuleta basi,” adadziuza yekha.

Adayala malaya pansi, adaimasula, adatulutsa kachitsulo kabowo kopyapyala kodutsa petulo, adakapepera, adakatokosa ndi kawaya, n'kumanga zonse. Atakoka chingwe, injini idalira ngati yatsopano. Batumeyo adadzitama mumtima kuti matenda wawapeza.

Sipadapite nthawi, injini idafookanso chimodzimodzi n'kuzima. Adatsegulanso thanki, petulo alimo. Adapukuta mapulagi oyatsa moto mu injini, adamasulanso kabuleta, ngakhale kuti munalibe kachitsotso ndi kamodzi komwe. Injini idaliranso, iwo n'kupitirira.

Idazima kachitatu chulu chija chikuoneka ndi maso. Batumeyo adamangirira boti ku mtengo wa mgwalangwa womira. Pakati pa iwo ndi chulu padali madzi othamanga kwambiri, oti nkhafi siyikadathandiza kanthu. Pamwamba pa chulupo padaima Edesi, atakumbatira kamtengo, madzi ali m'akakolo.

Ulendo uno thanki sadaitsegule. Adati n'kutaya nthawi, petulo wamuona kale kawiri. Adathamangira ku kabuleta. Chifukwa cha phumalo, kasikulu kena kadatsala pang'ono kugwera m'madzi. Atamanga, adakoka chingwe. Injini idangoti bu, bu, n'kukhala chete. Adakoka, adakoka, mpaka chikhatho chidasupuka. Kampira kopopera petulo kapapaipi kadali kataphwa, ndipo adati akakafinya, osafufuma. Atadzutsa mutu adaona madzi afika m'maondo mwa Edesi.

Mantha adamugwira zenizeni, mantha oti ataya mkazi ndi mwana akuona ndi maso. Adaponya sipanala pansi n'kuyamba kuvula buluku kuti asambire. Ankadziwa kuti madzi amenewo sangawaoloke, ndiponso kuti ng'ona zili momwemo, koma mutu udali utasiya kugwira ntchito.

Pamenepo aNangondo adalankhula, osatembenuka. Poti mwambo sunkalola kulankhula ndi mkamwini, adagogoda thabwa la boti ndi chala.

“Boti iwe, uwauze eni ako kuti akhale pansi. Maliro awiri andikwanira kuopa, asandionjezere achitatu.”

“Boti iwe,” adayankha Batumeyo, “uwauze amayi kuti nthawi palibe.”

“Uwauze kuti nthawi yomasula chinthu chimodzimodzi katatu inalipo. Akhale pansi, manja apinde. Ndanena ine.”

Mkamwini satsutsa apongozi. Batumeyo adakhala pansi. Kutsogolo sakadayang'ana, chifukwa kudali apongozi, ndipo kuchulu mtima sukadapirira. Choncho adazolika mutu, maso n'kugwera pa thanki imene idali pakati pa mapazi ake. Chiyambire m'mawa, aka kadali koyamba kuti m'botimo mukhale bata, popanda kugogoda kapena kugwedeza. Madzi okha ndiwo ankamveka, ndi mawu a Edesi akuitana patali. Kukhala kumeneko kudamuwawa kuposa chilonda cha m'chikhatho.

Ali chiyang'anire, adaona kuti nthiti za thanki zalowa m'kati, ngati mimba ya galu wanjala. Adadabwa. Kenaka kadongo kena kamene kadamatirira pakati pa chitsekero kadagwedezeka. Batumeyo adafuna kukakhudza, koma adakumbukira kuti auzidwa kupinda manja. Pang'onopang'ono, pansi pa kadongoko padatuluka kanyanga kamodzi, kenaka kachiwiri, ndipo kunsonga kwake kudali timaso takuda. Kadali kankhono kakang'ono ngati njere ya chimanga, kokutidwa ndi matope. Ulendo wonse kadali katabisala m'chigoba chifukwa cha phokoso lake. Katangosuntha pang'ono, padamveka kakhweru kopyapyala.

Apa m'pamene nzeru zidamubwerera. Pachitsekero cha thanki pamakhala kabowo kolowera mpweya. Kabowoko kakatsekeka, petulo satuluka, monga momwe madzi amakanira kutuluka m'chipanda chotseka pakamwa. Kankhono kadakhala ndendende pa kabowoko. Maulendo awiri aja injini sidalire chifukwa cha luso lake ayi, koma chifukwa adatsegula thanki n'kulowetsa mpweya. Kabuleta adaing'amba katatu ilibe mlandu.

Adakachotsa kankhonoko ndi zala ziwiri. Thanki idapuma, nthiti zake n'kubwerera kuti phu. Adafinya kampira kaja, kadafufuma n'kulimba. Adakoka chingwe kamodzi, injini idalira, ndipo sidatsokomolenso.

Adamupeza Edesi madzi ali m'chiuno, manja atauma pa kamtengo kaja moti adachita kumumasula chala chimodzichimodzi. ANangondo adavula chitenje chakumutu chija, chimene chinkawabisa kwa mkamwini, n'kumufunditsa mwana wawo. Potero adatsala nkhope ili poyera, maso ndi maso ndi Batumeyo, ndipo sadayang'ane kumbali.

“Akamwini,” adatero, “mwaona chiyani chimene chinakukanikani m'mawa wonse?”

“Maso a nkhono, amayi.”

“Inalipo kuyambira padooko. Inkangodikira kuti mudekhe.”

Patapita masabata atatu Edesi adabereka mwana wamkazi, ndipo agogo ake adamutcha Dekhani. Batumeyo sadasiye ntchito ya injini, koma kuyambira pamenepo injini ikazima ankayamba waika sipanala pansi, n'kukhala phee kuyang'ana ndi kumvetsera. Anthu okwera akamufulumizitsa, ankawasimbira za kankhono kaja, ndipo iwo adaitenga nkhaniyo kupita nayo kwawo, mpaka idafupika n'kusanduka mwambi umene mumaumva lero: “Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

Nkhono mukaigwedeza imalowa m'chigoba, ndipo mungaigogode tsiku lonse osaona maso ake. Mavuto ambiri ali chomwecho. Gwero lake limakhala laling'ono, lili pamphuno pomwe, koma munthu waphuma amathamangira pamene adazolowera kukonza, n'kumavutitsa chopanda mlandu. Kudekha si ulesi, ndiponso si kusowa chikondi kwa amene ali pangozi. Batumeyo adamukonda Edesi pamene ankakoka chingwe mpaka kutuluka magazi, koma adamupulumutsa pamene adakhala pansi n'kupinda manja.