Mbuzi ya a Kadzakumanja ndi nkhono ya pamzati

Ana inu, mwambi wa maso a nkhono mumaumva kawirikawiri, koma kodi mukudziwa kumene unachokera? Khalani pansi ndikuuzeni monga ndinamvera ine.

Kumapiri a ku Ntcheu kunali bambo wina dzina lake Kadzakumanja, munthu wa phuma. Iye ndi mkazi wake Nasibeko ankalera mdzukulu wakhanda amene mayi ake anamwalira. Mwanayo ankafunika mkaka, choncho anagulitsa nkhuku zawo zonse n'kugula mbuzi yamkaka.

Mbuzi ija itafika, inakana kudya. Inali nyengo ya dzinja, m'khola muli matope okhaokha. M'mamawa uliwonse a Kadzakumanja ankamweta udzu, n'kuuponya pansi m'kholamo. Mbuzi inkangonunkhiza, n'kutembenuka. Mkaka unayamba kuuma, ndipo khanda linkalira momvetsa chisoni.

"Atigulitsa mbuzi yodwala," anatero bamboyo tsiku lachitatu, atayesa kuikanula kukamwa n'kulumidwa chala. "Mawa ndiipha tisanaluze ndi nyama yomwe."

"Abambo, mwanayu adzamwa nyama kodi?" anafunsa Nasibeko. "Ndipatseni lero lokha."

"Muchita chiyani chimene ine sindinachite?"

"Ndikhala pansi basi."

A Kadzakumanja anaseka, n'kunyamula khasu. Nasibeko anasesa m'khola, nathira madzi oyera m'chibekete, kenako anakhala pakhomo pa kholalo, mantha ali tho mumtima. Sanaitane mbuziyo, sanaigwire. Anakhala duu mpaka miyendo inachita dzanzi.

Pamzati panali nkhono imene inadzipinda m'chigoba chifukwa cha phokoso la tsache. Kutakhala bata, inatuluka pang'onopang'ono n'kutukula tinyanga take, timaso tili kunsonga. Nayonso mbuzi inaiwala kuti pali munthu. Inayenda kupita pakona, n'kuima ndi miyendo yakumbuyo, n'kuyamba kusolola udzu wa denga.

Nasibeko anagwira pakamwa. Mbuzi ija sinkadwala ayi, inali ndi njala. Koma inkanyansidwa ndi udzu wopondedwa m'matope. Mayiyo anathyola masamba a mtedza ndi nthambi zanthete, nazimanga kamtolo, n'kuzipachika m'mwamba ndi luzi. Mbuzi inadya mosapumira.

Bambo aja pochokera kumunda anaima kukamwa kuli yasa.

"Mwaipatsa mankhwala anji, aNasibeko?"

"Palibe. Yandiuza yokha, nditakhala chete mpaka kuona maso a nkhono iyi."

A Kadzakumanja anawerama mothamanga kuti aone, koma nkhono inabwerera m'chigoba. Anachita manyazi, poti anatsala pang'ono kupha chakudya cha mdzukulu wawo. Patatha masiku awiri mkaka unadzadza kapu, khanda linamwa n'kugona tulo.

Kuyambira pamenepo anthu amati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Tanthauzo lake n'lakuti zinthu zina sizionekera munthu wopupuluma. Ukafatsa n'kuyang'anitsitsa, vuto limene umaliyesa lalikulu limakuonetsa lokha pogwira.