Timakhadi Tachikasu ta Dokotala Malikebu

Kalekale, mowa wa m'masacheti usanaletsedwe, pachipatala china cha boma chomwe sinditchula dzina panabwera dokotala wina, Malikebu. Ameneyu ndiye anandilakwira. Ine ndine Diveliyasi, ndinkakankha machira pachipatalapo. Amoyo ndinkawatenga pageti la kutsogolo kupita nawo kuchipinda cha angozi. Akufa ndinkawalandira pageti la kuseri kupita nawo ku mochale.

Masiku amenewo zidakwa zinkabwera tsiku ndi tsiku. Wina watemedwa ndi botolo, wina wagwa panjinga, wina wangokomoka ndi kachasu. Ankawasoka, kuwaika dilipi, akatsitsimuka n'kuwatulutsa. Pakatha milungu iwiri, anthu omwewo ndinkawakankhanso.

Dokotala Malikebu anachokera kusukulu yaukachenjede kudzachita kafukufuku. Iye anati chidakwa chisamatulutsidwe chikangodzuka. Anatsegula kachipinda pafupi ndi cha angozi, momwe kale tinkasungamo zidebe ndi matsache. M'menemo munthu ankalandira mankhwala oletsa kunjenjemera, ankamwa tiyi, ndipo ankacheza naye bwinobwino asanapite kwawo. Potuluka ankamupatsa kakhadi kachikasu kokhala ndi nambala, kuti kwa miyezi itatu azibwera Lachitatu lililonse kudzakumana ndi anzake. Anthu 60 analandira timakhadito.

Ndisaname, ena anasiyadi mowa. Mng'ono wanga Lufeyo ndi mmodzi.

Chitatha chaka, dokotala anatsegula kaundula wa kuchipinda cha angozi. Aliyense wa khadi amene dzina lake silinaonekenso m'menemo, anamulemba kuti wachira. Anapeza 48. Nambala imeneyo inayenda kuposa ine mwini wake wa machira. Inamveka pawailesi, inatuluka m'nyuzi, akuti inakafika mpaka kumisonkhano ya kunja.

Tsono imvani zomwe ine ndinkaona kuseri. Apolisi akabweretsa mtembo wotola kumsewu kapena kudambo, sudutsa kuchipinda cha angozi. Umalowera geti la kuseri, ndipo ku mochale kuli buku lakelake. Ntchito yopisa m'matumba mwa malemu, achibale akuona, inali yanga. Tsiku lina ndinatulutsa kakhadi kachikasu m'thumba la munthu amene anamupeza m'ngalande. Achibale anati, "Tayani, n'chachiyani chimenecho." Sindinataye. Ndinaponya m'kachitini ka mkaka. Pofika nthawi yomwe wailesi inkaimba za 48, m'chitini munali timakhadi naini. Ndipo mwa naini amenewo, asanu ndi awiri anafa misonkhano ya Lachitatu itatha kale, pomwe panalibenso wowayendera.

Ndinapita kuofesi kwa dokotala masana, ndinagogoda ngati munthu. M'katimo munalinso asisitala Chikopa, namwino wamkulu amene ankayang'anira kachipinda kaja.

"Adokotala, pepani. Pa anthu 48 aja, akufa mwawachotsapo?"

"Akufa ati?"

Ndinakhuthula chitini patebulo. Iye anayang'ana timakhadito koma sanakhudze ngakhale kamodzi. Chimene chinandivuta n'choti sanadabwe. Munthu ukamuuza zachilendo nkhope imasintha. Yake inangokhala.

"Madala, sukulu munalekeza pati?"

"Sitandade 6."

"Ndiye mukudziwa chomwe chinapha anthu amenewa? Munawang'amba inuyo? Mwina ndi malungo, mwina ndi galimoto. Inu kankhani machira, manambala mutisiyire ife. Timakhadito siyani pomwepo."

Ndinatola tonse msangamsanga, ndinatuluka nato. Asisitala Chikopa maso anali pansi. Lolemba lotsatira ndinapeza dzina langa alichotsa pantchito ya ku mochale. Anati ndizigwira geti la kutsogolo lokha, poti msana wanga wakula. Msana umenewo sindinadandaulepo kwa munthu.

Posakhalitsa kunamveka kuti Lachisanu kubwera alendo akuluakulu ochokera ku likulu. Akakhutira, atsegula tizipinda totere m'zipatala zonse za m'maboma. Akapanda kukhutira, ngakhale kathu komweka katsekedwa, zidebe zibwereremo. Mlungu umenewo anthu atatu anandipeza, aliyense payekha.

Woyamba anali Lufeyo. Anandipeza ndikutsuka machira.

"Achimwene, ndamva muli ndi chitini."

"Wamva kwa ndani?"

"Zimenezo zisiyeni. Ine munandikankha kangati pamachirawa? Kanayi. Ulendo womaliza munkalira, mumayesa sindinkamva. Chaka chino mwandikankhapo? Mlamu wanu wabwerera kunyumba, ana ayamba kundiyankha ndikawaitana. Inu mukatsegula pakamwa Lachisanu, atseka. Naini afa, inde, ndi zachisoni. Nanga ife otsalafe si anthu?"

Ameneyu ndi mwana wa mayi anga. Koma za chitini ankadziwa ndi anthu awiri okha, dokotala ndi asisitala. Ndipo Lufeyo ndi amene anamusankha kuti adzalankhule pamaso pa alendo. Kaya anabwera yekha, kaya anachita kutumidwa.

Wachiwiri anali Nangozo, mayi wogulitsa tomato pageti la chipatala. Mwamuna wake Biziwiki anali ndi khadi nambala 23. Anamuvuula mumtsinje, masacheti atatu ali m'thumba la malaya. Ndinamukankha ndine, khadi lake ndinalitulutsa m'thumba mkazi wake akuona.

"Bambo Diveliyasi, ine nditamva za pawailesi ndinalowa kukafunsa. Kalaliki anayang'ana pamakina ake, nati, 'Nambala 23? Ameneyu anachira, mayi.' Anachira! Nanga ndinakaika ndani kumanda kuja? Ndinameta tsitsi chifukwa cha ndani?"

"Ndiye mukufuna nditani, mayi?"

"Sindikufuna kanthu ka munthu ine. Angonena kuti bambo a ana anga anafa. Ineyo ndikayankhula adzati wamisala uyu, mugwireni. Inu muli ndi yunifolomu, muli ndi khadi lake. Ndipo kumaboma enako kulinso akazi ngati ine. Adzawauza kuti miyezi itatu yakwana, amuna anu achira, iwo n'kugona tulo. Ine ndinagona tulo choncho."

Mawu amenewo anandilowa. Koma ndinkadziwanso kuti pachipatalapo panali dokotala wina wamkulu amene sankamwerana madzi ndi Malikebu, ndipo mlungu umenewo anayamba kugula tomato kwa Nangozo tsiku lililonse, n'kumaima naye nthawi yaitali. Munthu mmodzi angadye tomato wochuluka bwanji?

Wachitatu anali asisitala Chikopa. Anandiitanira m'kachipinda komweko, anatseka chitseko, anandithirira tiyi m'kapu ya odwala.

"Diveliyasi, tagwira limodzi zaka makumi awiri. Chotsani naini pa 48, atsala angati?"

"39."

"Ehe. Kale kachipindaka kasanatsegulidwe, pa zidakwa 60 ndi zingati zomwe zinkatha chaka osabweranso? Mukudziwa nokha, munkazikankha ndinu. Ntchitoyi ndi yabwino ngakhale pa 39. Koma alendo aja sawerenga choncho. Akangomva kuti nambala ili ndi bodza, atseka mafayilo, akwera galimoto, ndipo zaka khumi zidzatha wina asanatchulenso za zidakwa. Dikirani asayine kaye. Akapita tidzakonza mwakachetechete, ine ndidzayankhula nawo adokotala."

"Tsiku lija bwanji simunayankhule nawo?"

Iwo anati, "Nanunso dzifunseni. Mukufuna choona, kapena zikukuwawani ndi za sitandade 6 zija?"

Zinkandiwawa, sindikana. Koma kuwawidwa kwanga sikunaphe Biziwiki. Ndipo papepala la kafukufuku lomwe analimata pakhoma, dzina lachiwiri pansi pa la Malikebu linali la asisitala Chikopa. Zoti adzakonza alendo akapita, ndani akanawakakamiza? Pepala likasayinidwa, chitini changa chikanangokhala chitini.

Lisanafike tsikulo ndinayesa kuganiza ngati munthu wopanda mkwiyo. Dokotala ananena zoona pa chinthu chimodzi: sindinang'ambe mtembo uliwonse. Awiri mwa naini aja sindingalumbire kuti unali mowa. Koma enawo fungo lokha linkanena. Ndipo kaya unali mowa kaya sunali, munthu wakufa sungamulembe kuti wachira. Izi sizifuna sukulu.

Lachisanu linafika. Cha m'ma 10 koloko magalimoto atatu anaima kutsogolo. Ine anandiuza ndiime pakhomo la kachipindako ndi machira otsukidwa bwino, kuti alendo aone ukhondo. Chitini chinali m'thumba la ovolosi yanga, ndinachikulunga m'nsanza kuti chisamachite phokoso. Dokotala analankhula, nambala 48 ili pakhoma, yaikulu ngati chitseko. Lufeyo analankhula, alendo anaomba m'manja, wina mpaka anapukuta maso. Pawindo, kunja, Nangozo anaima ndi beseni lake pamutu, osagulitsa, akungondiyang'ana.

Potuluka, mkulu wa alendowo, mayi wa imvi wovala magalasi, anaima pamaso panga. Cholembera chinali kale m'manja.

"Nanga inu bambo, ndinu amene mumawanyamula anthu amenewa. Mwaona zotani chitsegulireni kachipindaka? Nenani momasuka."

Malikebu anandiyang'ana. Asisitala anandiyang'ana. Lufeyo anapukusa mutu pang'onopang'ono, pakamwa pakuyenda popanda mawu: achimwene, chonde.

Chomwe ndinayankha sindilemba pano. Ndauzapo anthu angapo, ndipo aliyense amandidzudzula, wina mbali iyi, wina mbali inayo, moti ndatopa nazo. Chokhacho ndinganene n'chakuti Dokotala Malikebu ali moyo, amadziwa komwe ndimakhala, ndipo mpaka lero sanabwere kudzandipepesa.

Tsono inu amene mwawerenga, imani pakhomo paja m'malo mwanga. Uku mng'ono wanu amene kachipindako kanamuchotsa pamachira, uku mayi amene mwamuna wake ali m'manda koma m'buku alembamo kuti anachira, ndipo onse okulangizani simukudziwa amene wawatuma. Mayi wa magalasi akudikira. Mukanatulutsa chitini, kapena mukanati, "Zonse zili bwino, bwana"?