Thumba la Mpweya la a Twente-thu

Kwa Nsaru kuno ukafunsa za a Misheck Kachingwe, anthu amayamba afunsana okhaokha. Koma ungoti "a Twente-thu," ngakhale wa kabaza akakutula pakhonde pawo penipeni. Dzinali anawapatsa ndi ana asukulu, poti moyo wawo wonse wa uphunzitsi ankaimbitsa nyimbo imodzi: "Molo imodzi ya mpweya uliwonse imadzaza malita twente-thu poyinti folo!" Molo ndiwo muyezo umene asayansi amawerengera kuchuluka kwa mpweya. Mkuluyu dzinali ankalinyadira, ndipo ukawaitana nalo chifuwa chinkatsogola.

Atapuma ntchito anagula ng'ombe zinayi zamkaka. Kuno mitengo inathera m'zigafa za fodya, moti amayi amaphikira zitsononkho ndi mapesi, maso ali psuu ndi utsi. A Twente-thu anati zimenezi zithera pakhomo pawo. Anakumbitsa dzenje lovundikira bwino loti ndowe ziziwolera m'menemo n'kumatulutsa mpweya woyaka. Mpweyawo unkayenera kudutsa m'paipi, kusungidwa m'thumba lalikulu la pulasitiki yakuda, kenako n'kukafika kumbaula.

Samu yake anailemba ndi khala pakhoma la khola, kuti aliyense wodutsa aone kuti pano pakhala munthu wophunzira. Mamolo makumi anayi patsiku, kuchulukitsa ndi twente-thu poyinti folo, malita pafupifupi mazana asanu ndi anayi. Thumba anakapangitsa ku Lilongwe la muyezo womwewo ndendende, osapitirira ndi chikho chomwe. Atatero anaitana amayi a Chigwirizano a kumpingo kwawo kuti adzaone ndi maso. Amayiwo analonjeza kuti motowo ukayaka, nawonso akumba maenje kwawo.

Pakhomopo panali mtengwa watsopano, Flora Nankhoma, mkazi wa mwana wawo Alfred. Mtengwayu ankaphunzitsa sayansi kusekondale ina cha ku Kabudula. Iye ataona samu ija pakhoma, anazindikira msanga kuti thumbalo lichepa. Koma mtengwa angawaongole bwanji apongozi aamuna, anthu oti ukakumana nawo panjira umapatukira kutchire? Anadikira mpaka pamene ankaswa mtedza ndi apongozi ake aakazi, a Nambewe.

"Amayi, samu ya abambo ilibe cholakwa, koma si ya kuno," anatero motsitsa mawu. "Twente-thu ija ndi ya mpweya wozizira ngati madzi oundana, woyezedwa kunsi, kufupi ndi nyanja yamchere. Ife tili kumtunda, kumene mpweya umatambasuka. Ndiye muwonjezepo dzuwa la Okutobala pa thumba lakuda, molo imodzi ifuna malita ngati makumi atatu. Thumbali lichepa. Awonjezere lina, apo ayi aike kapaipi kopumira m'botolo la madzi, koti mpweya ukachuluka uzitulukirapo."

A Nambewe anakawatula mawuwo kwa amuna awo bwinobwino, osataya ngakhale limodzi. Koma ee, munthu akakhuta dzina lake, makutu amatsekeka.

"Nambewe, zimenezi ine ndinkaphunzitsa mwanayo asanamere mano," anatero a Twente-thu akuseka. "Wabwera liti pano? Ngakhale njira ya kumjigo sanaidziwe, ndiye wayamba kuyeza thumba langa? Kapaipi kopumirako n'kotaya mpweya wanga pachabe."

Chodabwitsa n'chakuti lamulolo analidziwa lonse. Lili ndi mchira wake wonena za kuzizira ndi kupanikizika kwa mpweya, koma poimbitsa ana chaka ndi chaka mchirawo unaduka, iwo osazindikira. Kutatsala tsiku limodzi kuti amayi aja abwere, anamanga paipi ya kumbaula ndi mphira kuti mpweya wonse usungike, alendo adzaone moto waukulu.

Amayi a Chigwirizano anafika dzuwa lili paliwombo, atavala zoyera zawo, nakhala pamphasa pansi pa mango. A Twente-thu anavala jekete ngakhale kunkawotcha, n'kuyamba kufotokoza mbiri ya sayansi kuchokera kumayambiriro. Kumbuyo kwawo thumba linali litafufuma ndi kuuma gwa, likulira pang'onopang'ono m'misoko. Flora, amene ankatunga madzi a alendo, anaika ndowa pansi.

"Tsono amayi, molo imodzi ya mpweya uliwonse..."

Phuu! Nkhuku zinabalalika, ng'ombe zinadumpha m'khola, ndipo fungo la mazira owola linakuta bwalo lonse. Mwamwayi panalibe moto pafupi. Amayi anatseka mphuno ndi zitenje n'kuyamba kupinda mphasa.

"Tiyeni anzanga," anatero a Tisiyenji, mtsogoleri wawo. "Mapesi athu amatiliza ndi utsi, koma sanatiphulikirepo."

Manyazi anawagwira a Twente-thu. Anayang'ana thumba long'ambikalo, nayang'ana samu yawo pakhoma, milomo ikugwedera ngati akuwerenga. Apa ndi pamene ine ndimawavulira chipewa mkuluyu, chifukwa ambiri akadanamizira amene anapanga thumba.

"Amayi, musachoke," anatero. "Sayansi sinaname, wanama ndine." Kenako anatola khala pansi. "Nankhoma, mwana wanga, tabwerani kuno."

Flora anagwada chapatali, maso pansi.

"Ayi, dzukani. Mphunzitsi saphunzitsa chogwada. Lembani pansi pa samu yangayi, tonse tione."

Flora analandira khala n'kuyamba kulemba uku akufotokoza. Anayambira pa twente-thu yomwe ija ya apongozi ake, naikuza molingana ndi kutentha kwa dzuwa, naikuzanso chifukwa cha kumtunda kuno, mpaka inafika pa malita chikwi ndi mazana awiri. A Twente-thu anatsatira mzere uliwonse ndi chala. Atafika kumapeto anawomba m'manja okha, kenako amayi onse anatsatira, wina n'kuimba nthungululu.

Amayi aja anabweranso thumba latsopano litafika. Linali lalikulu, lili pamthunzi wa udzu, ndipo botolo la madzi linkangoti bwibwibwi pambali pake. A Nambewe anayatsa mbaula, lawi lobiriwira linati ngwee popanda ndi utsi womwe, tiyi n'kuwira alendo asanamalize nyimbo. Chaka chomwecho a Tisiyenji anakumbitsa dzenje lawo, ndipo amene anayeza thumba ndi Flora.

Samu ziwiri zija zikadali pakhoma la khola. A Nambewe atafuna kuzira khomalo, mwini wake anakana kwamtuwagalu. Mlendo aliyense amamukokera pamenepo asanamwe ndi madzi omwe.

"Yapamwambayi ndi yanga, inaphulitsa thumba," amatero, chifuwa chili patsogolo monga kale. "Yapansiyi ndi ya mpongozi wanga. Boma lonse lino mukampeza kuti wina wotere?"

Amene ankati sadziwa njira ya kumjigo ndiye anawapulumutsira dzina. Akuluakulu sananame: mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.