Kamtengo ka m'chitini cha Che Twaibu

A Samsoni Nkhoma a ku Njombwa adali munthu wodziwika ndi pakamwa. Pamaliro ndiwo ankayankhula m'malo mwa mpingo, paukwati ndiwo ankalangiza, ndipo mawu awo ankalowa mwa anthu ngati mvula yowaza pamunda wolima kale. Koma pakamwa pomwepo ndi pamene padayamba kuwachititsa manyazi. Zaka zambiri za fodya wa chingambwe woika m'kamwa ndi tiyi wa shuga wosawerenga masipuni zidasiya mano awo ofiira ngati katondo. Akaluma chimanga chootcha, pachitsononkho pankatsala magazi. Anthu akamacheza nawo ankapeza chifukwa choyang'anira kumbali, wina ngati waona mbalame, wina ngati akuthamangitsa ntchentche.

Mkazi wawo, mayi Ezelina, ndiwo adalimba mtima.

"Bambo a Shalom, anthu sangakuuzeni, koma ine ndikuuzani. M'kamwamo simuli bwino. Chinkhoswe cha Dyna chayandikira ndipo nkhoswe ndinu. Kodi akuchimuna aja mukawalandira ndi mpweya umenewu?"

Dyna adali mwana wa mlongo wawo, ndipo ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Kasungu Boma. Mawuwo adawalasa a Samsoni, koma adangoyankha kuti mano ndi msinkhu, munthu sangalimbane ndi zaka. Mswachi wa m'sitolo udalipo, unkakhala pazenera, ndipo unkakumbukidwa Lamulungu lokha.

Kumapeto kwa munda wawo kudayambira esiteti ya fodya wa bale. M'nyumba yoyamba ya matenanti munkakhala Che Twaibu, Msilamu wochokera ku Machinga, amene adabwera ndi banja lake chaka chomwecho. Adali wamkulu kuposa a Samsoni, imvi zili mbuu, koma akaseka mano ake ankawala ngati chimanga chokonola. Apa ndi pamene nkhani ya msinkhu ija idayamba kuwavuta a Samsoni mumtima.

Adayamba kumuyang'anitsitsa. Dzuwa likafika paliwombo, Che Twaibu ankasiya ntchito m'munda, n'kukakhala pachitsa kuseri kwa chigafa ali ndi ketulo ya madzi. Ankatulutsa kamtengo m'thumba la malaya, n'kukayendetsa m'kamwa modekha, kumtunda, kumunsi, ngakhale palilime. Kenaka ankasamba m'manja, kuchukucha m'kamwa, kusukusula, kutsuka mikono ndi mapazi, n'kuyala kamkeka kake kupemphera. Madzulo ankachitanso chimodzimodzi. A Samsoni ankapalira mzere womwewo wa m'malire mpaka udzu udatheramo, maso ali kuchigafa.

Mafunso adawadzadza ngati njuchi mumng'oma. Kodi ndi mtengo wanji umenewu? Kodi adabwera nawo kuchokera kwawo? Nanga bwanji amaugwiritsa ntchito asanapemphere, ngati kuti pemphero limadutsa m'mano? Kapena pali mawu amene amaunenerera?

"Mwayamba kuonda nayo nkhaniyi," adatero mayi Ezelina tsiku lina. "Munthuyo mumapatsana naye moni m'mawa uliwonse. Mkazi wake amatunga nane pamjigo. Ingopitani mukamufunse."

"Ine mkulu wa mpingo ndikagwade kwa tenanti kufunsa za chipembedzo chake? Mawa zimveke kuti a Nkhoma ayamba kuphunzira Chisilamu? Maso ndili nawo, ndiona ndekha."

Maso adaonadi, koma adaona theka. Idali nyengo yothira mankhwala oletsa mphukira pafodya, ndipo kuseri kwa chigafa chija kudali chitini chakale chokhala ndi timitengo tingapo, tosongoka bwino, tonyowa kunsonga. Lachisanu, Che Twaibu atavala mkanjo wake n'kupalasa njinga kupita kumzikiti, a Samsoni adadumpha malire ngati akutsata nkhuku yosochera. Adasankha kamtengo kamodzi, nakabisa m'thumba, n'kubwerera kumunda kwawo mozemba ngati mwana woba shuga.

Atakhala pansi pa chulu adatafuna nsonga ija kuti ifewe, monga ankaonera. Kamtengoko kadali kowawa kwambiri ndipo fungo lake lidali loboola mphuno. Iwo adati mumtima, mankhwala enieni satsekemera. Adatsuka mwamphamvu, mpaka m'nkhama zotuluka magazi zija.

Sipadapite nthawi, m'kamwa mudayaka moto. Milomo idatupa, malovu adayamba kuchucha osaletseka, m'mimba mudapotokola, ndipo munda wonse udayamba kuzungulira. Mayi Ezelina adawapeza atagwada m'mizere akusanza, kamtengo kali m'manja. Anthu adasonkhana, wina akuti njoka, wina akuti awalodza chifukwa cha chinkhoswe. Che Twaibu adafika pobwerera kumzikiti, natsika panjinga. Atangoona kamtengoko adakatola ndi tsamba n'kukanunkhiza patali.

"Aka n'kotakasira mankhwala a fodya, kachokera m'chitini changa. Musawamwetse chilichonse. Itanani njinga yamoto msanga."

Adathamangira kuchigafa n'kubwera ndi botolo la mankhwalawo kuti achipatala akaone chimene munthu wadya. Iye yemwe ndiye adakwera pambuyo, atawakumbatira a Samsoni kuti asagwe, mkanjo wake woyera ukulandira zonse zotuluka m'kamwa mwa mkulu wa mpingo, mpaka kukafika kuchipatala ku Boma.

Moyo udapulumuka, koma lilime lidasupuka ndipo kwa masiku angapo mawu ankatuluka ngati a munthu wovumata mbatata yamoto. Adotolo atayang'ana m'kamwamo adapezanso dzino lobooka mpaka kumuzu, nati likazulidwe zilonda zikapola. Chinkhoswe cha Dyna chidachitika a Samsoni ali gone m'chipatala. Mng'ono wawo Simeon, munthu amene ngakhale pemphero la chakudya limamutulutsa thukuta, ndiye adaimirira m'malo mwawo, ndipo akuti adaiwala dzina la mkamwini anthu ali tcheru. Dyna adalira, osati chifukwa cha dzinalo, koma chifukwa malume amene adamulera sadaone tsiku lake.

Che Twaibu adabwera kudzazonda atanyamula nthochi zakupsa. Adakhala pamphepete pa bedi, nafunsa za thupi, osatchula za chitini. A Samsoni ndiwo adalephera kupirira.

"Achimwene," adatero movutikira, "kamtengo kanu kaja, kenikeni, kali ndi chiyani?"

Che Twaibu adakatulutsa m'thumba la malaya n'kuwapatsa kuti akaone. Kadali kamtengo wamba, nsonga yake yonyenyeka ngati katsache.

"Mulibe chinsinsi, a Nkhoma. Kwathu mwana amayamba kugwira mswachi asanadziwe kuwerenga. Mtumiki wathu, mtendere ukhale pa iye, adatiphunzitsa kuti mswachi umayeretsa m'kamwa ndipo umakondweretsa Mulungu. Adanenanso kuti akadapanda kuopa kutilemetsa, akadatilamula kutsuka mano pa swala iliyonse, ndiye kuti pa pemphero lililonse. Ndiye ife timatsuka podzuka, pokapemphera, ndiponso tikadya. Taganizani, inu mukamapita kukaonekera kwa bwana mumasamba. Nanga pakamwa potchulira dzina la Mulungu mungapasiye pali zotsala za dzana?"

"Ndiye mulibe mawu onenerera?"

"Mawu ake ndi kusatopa basi. Ngakhale mswachi wa m'sitolo uja umagwira ntchito, bola usamagone pazenera. Komanso kwathu amati munthu asalowe pagulu la opemphera ndi fungo losautsa anzake. Mnzako woima naye phewa ndi phewa ali ndi mphuno."

A Samsoni adatembenuzatembenuza kamtengoko m'manja. Adakumbukira nkhope zonse zimene zinkayang'ana kumbali iwo akulalikira za chikondi cha pa mnansi.

"Nanga mtengo wake mumautenga ku Machinga?"

Che Twaibu adamwetulira pang'ono. "Umene ndidabwera nawo udatha kalekale. Uwu ndi nimu. Ndimathyola pamtengo uli kuseri kwa khola lanu la mbuzi. Ndidapempha kwa mayi a Shalom mwezi womwe tidafika, ndipo adandilola."

A Samsoni adatembenuka kuyang'ana mkazi wawo, amene adakhala pansi akusenda nthochi. Mayi Ezelina sadadzutse mutu.

"Mudandifunsa kodi?" adatero.

Atatuluka m'chipatala adabwerera ku Njombwa ali ndi chibwano chimodzi chopepuka. Chingambwe adachisiya, poti pabala la dzino sichinkakhalika. M'mawa anthu opita kumunda adayamba kuwaona atakhala pakhonde, kanthambi ka nimu kali m'kamwa, ndipo mswachi wa pazenera nawo udayamba kunyowa tsiku ndi tsiku. Mano ofiira aja sadayere ngati a Che Twaibu, pakuti dzimbiri la zaka silichoka ndi mwezi umodzi, koma magazi adasiya, ndipo anthu adayambanso kuwayandikira pocheza. Kutchalitchi palibe adawanena kuti alowa Chisilamu. Chimene chidamveka mudzi wonse, mpaka kumisika ya m'mbali mwa msewu, n'chakuti mkulu wa mpingo adatafuna mtengo wotakasira mankhwala a fodya pamene yankho lidali kuseri kwa khola lake.

Patapita miyezi, Dyna adabwera ndi mwamuna wake kudzaona malume. Mkamwiniyo adagwada, napereka moni, nati adamva zambiri za luso la a Nkhoma pakuyankhula ndipo adadandaula kuti sadawamve patsiku lija. A Samsoni adafuna kuyankha ndi mwambi monga mwa chizolowezi chawo, koma umene udabwera palilime lawo lopola kumenelo udali umodzi wokha, ndipo adaunena akuyang'ana pansi: safunsa adadya phula.