Thumba Lomwe Lidapepuka Lokha

Padangotero! Yankhanitu ana inu, nanunso akuluakulu mwakhala kumbuyoko. Eya, tili tonse.

Kalekale kudali Mbira wina amene adakwatira kuchigwa. Kwawo kudali kuphiri la Namitawa, kumiyala, kumene nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera. Koma mkazi adampeza kutali, Nankhoma mwana wa a Nchenzi, ndipo adakakhala chikamwini komweko.

Kuchigwa kudalibe choipa. Nankhoma adali wa mtima wabwino. Nzimbe zidalipo, maungu adalipo. Koma mwala kudalibe. Dothi lokhalokha, bango lokhalokha. M'mawa uliwonse Mbira ankakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, n'kukhala duu, maso kumpoto. Tsiku lopanda fumbi phiri linkaoneka pang'ono, ngati utsi wa moto wakutali. Ndiye iye n'kumayimba chapansipansi:

Kwathu kumiyala, amayi ee,
dzuwa limayamba ife.
Kwathu kumiyala, amayi ee,
ndidzapondako liti ine?

Dzinja lidabwera kasanu n'kawiri, Mbira osapondako.

Tsiku lina Namzeze adatera pachulupo.

"A Mbira, ndachokera kwanu. Mayi anu akalamba, maso achita khungu. Tsamba likati tswa, iwo akuti, 'Kodi ndiwe, mwananga?' Buluzi akadutsa, 'Kodi ndiwe?'"

Tsiku limenelo Mbira sadadye. Nankhoma adamuyang'ana, adamuyang'ana, kenaka adati, "Bambo, nyamukani. Kuno kwatsala thupi lokha, mtima udapita kale. Pitani mukawaone amayi."

Komatu ulendo wake sudali wamasewera. Masiku anayi. Poyamba nkhalango ya tsanya, kenaka chidikha chopanda mtengo n'umodzi womwe, kumene Chiwombankhanga amazungulira m'mwamba kufuna tinyama tating'ono. Panjira palibe mudzi, palibe wokupatsa madzi. Chimene udye ndi chimene wabereka kumsana.

Tsono Mbira adatenga lichero la mapira loti akagulire thumba, ulendo kwa Tchete, mmisiri woluka matumba.

Ali panjira adamva kumbuyo: fwee, fwee, fwee. Adali Nguluwe. Nguluweyu adali mlamu wa aliyense amene ali ndi nkhokwe.

"Alamu! Ndamva kuti mukupita kuphiri. N'zoona kuti kwanuko masuku amangogwa okha, osowa wotola?"

"Amagwa, alamu."

"Basi tipitira limodzi. Ndingakusiyeni bwanji nokha m'thengo, mlamu wanga weniweni?"

Mbira adaganiza za Chiwombankhanga. Adati mumtima, kuyenda ndi wamkulu thupi si koipa. Adavomera.

Kwa Tchete matumba adali lendelende panthambi, aakulu ndi aang'ono. Mbira adaloza lina lalikulu ndithu.

"Ndikufuna ilo. Amayi sadalawepo nzimbe za kuno. Sadalawepo maungu a kudimba, sadalawepo mpunga. Zaka zonsezi ndikafike chimanjamanja?"

Tchete sadatsutse. Adathiramo zigumukire za dothi mpaka pakamwa, n'kumubereketsa.

"Thumba sasankha ndi maso, a Mbira, amasankha ndi msana. Kwerani chulu icho kasanu, mubwere mundiuze."

Koyamba Mbira adakwera akuyimba. Kachiwiri nyimbo idatha. Kachitatu lilime lidali panja. Kachinayi thumba lidamukoka, gada! Miyendo m'mwamba, phiriphiti, phiriphiti.

"Chimenecho ndi chulu chabe," adatero Tchete. "Nanga phiri?"

Adamutsitsira kena kakang'ono ka mlaza, kopepuka ngati chisa. Zingwe zake zidali zotambalala, zosadula mapewa. Chingwe china chidali chomanga m'chiuno kuti katundu asamavine poyenda.

"Ikanimo chimene mungafe mutachisowa. Mayi anu akufuna inuyo, sakufuna dimba la apongozi anu."

Mawuwo adamupweteka Mbira, koma adaona kuti ndi oona. Adaikamo nsawawa zokazinga, makaka, nsupa ya madzi, ndi kaphukusi ka mchere wa kudambo ka amayi ake. Pa nzimbe adaima nthawi yaitali. Potsiriza adadula mfundo imodzi yokha n'kuisomeka pambali.

Nanga Nguluwe? Nguluwe adaona chithumba cha chikopa cha njati chili pansi pa mtengo.

"Langa ndi ili."

"Limenelo si lapaulendo," adatero Tchete. "Ndimasungiramo mlaza. Lopanda kanthu amanyamula anyani awiri."

"Ndiye labwino limenelo. Kodi ine ndikaoneke ndi kachikwama ka fodya ngati mlamu wangayu?"

Adathiramo maungu. Adathiramo chinangwa. Adaikamo mtondo ndi munsi wake, mphero ndi mwanamphero, nkhali yaikulu, ndi mpando woti azikakhalira podya masuku. Tchete adangopukusa mutu n'kubwerera kukaluka.

Adanyamuka.

Tsiku loyamba Nguluwe adali pakamwa mbee.

"Alamu, m'kachikwamako muli chiyani? Utitiri?"

Mbira adangoyendabe. Maso ake adali kumpoto.

Tsiku lachiwiri kuseka kudatha. Zingwe za chikopa zidalowa m'mapewa. Mtondo unkagunda msana, gu, gu, gu. Nguluwe phefuphefu, thukuta kamukamu. Mbira ali patsogolo, tang'atang'a, kukwera pa chitsa kuti aone phiri, kutsika, kukweranso pa china. Phirilo tsopano silidalinso utsi. Miyala idayamba kuoneka, yotuwa, ndipo Mbira ankaitchula maina ngati abale ake.

Nguluwe zidamuwawa. Wina angamayende akuyimba bwanji iye akufa?

Tsiku lachitatu m'mawa adafika pamene nkhalango idathera. Patsogolo padali chidikha, mbee, mpaka patsinde pa phiri. Mbira adavula kathumba kake kuti amwe madzi. Nguluwe adangoti tsomphu!

"Paulendo zinthu n'za tonse, alamu. Ndikusungirani."

Adakaponya m'chithumba chake cha kumsana.

"Ndiponso ndamva fungo la mchere. Tikawoloka chidikhachi ndithira m'maungu anga."

"Alamu, mcherewo ndi wa amayi."

"Nkhalamba yosaona idziwa bwanji kuti udalipo? Tiye, iwe!"

Mbira adaima. Madzi ake apita, kamba wake wapita, mphatso ya amayi yapita. Adaponda mchenga wa m'chidikha, udali wotentha kale, ndipo mapazi a Mbira ndi a pamwala, si a pamchenga. Pomwepo chithunzithunzi chidadutsa pansi, pyoo! Adayang'ana kumwamba. Chiwombankhanga adali atayamba kuzungulira.

Abwerere? Phiri lili apo. Apitirire? Mpaka madzulo adzakhala ndiwo.

Adakhala pamthunzi wa mimba ya Nguluwe, akuyenda naye, akuganiza. Adayang'ana chithumba chija. Adayang'ana msoko wake wapansi. Kenaka adafuula.

"Mayo ine! Alamu, taimani!"

"N'chiyaninso?"

"Ndaona chimene chikukuphani. Katundu wanuyu si wolemera ayi, wangopendekeka. Mtondo uli kumanzere, mphero ili kumanzere. N'chifukwa chake mukuyenda cham'mbali ngati nkhanu."

"Ine? Ngati nkhanu?"

"Sindimafuna kunena, koma anyani m'nkhalango muja amaseka."

Nguluwe adafwenthera. "Ndiye ndichite bwanji?"

"Tsitsani mulonge bwino."

"Ndikatsitsa sindidzalinyamulanso."

"Ndiye pafunika wina wochepa thupi alowemo, azikankha zinthu uku mukuyenda. Koma ine ayi. M'menemo mukutentha, muli mdima. Dikirani mwina tikumana ndi khoswe."

"Khoswe wa chiyani iwe ulipo? Lowa!"

"Alamu, ndichitireni chisoni."

"Ndati lowa!"

Adamugwira pakhosi n'kumuponyamo, phu!

M'thumbamo mudali mthunzi. Mbira adafufuza, adafufuza, adapeza kathumba kake kali pakati pa maungu. Adakanunkhiza. Mchere ulimo, nzimbe ilimo. Adamwa madzi, adabereka kathumba, adamanga chingwe cha m'chiuno. Kenaka adatsikira pansi penipeni n'kuyamba kuteketa msoko. Keche, keche, keche.

Msoko udatseguka. Mbira adakwera msanga n'kukakamira m'khwinya la chikopa, pamwamba. Mphero yokha idadzipezera njira. Di!

"N'chiyani chimenecho?"

"Ndi phazi lanu, alamu. Mukuponda ngati Njovu."

Nguluwe adatukumuka. Adayenda pang'ono.

"Alamu! Layamba kupepuka!"

"Ndikukonza, alamu, ndikukonza. Musacheuke, mungalipendeketsenso. Maso kuphiri."

Mtondo udatsata. Gubudu!

"Nanga icho?"

"Ndi m'mimba mwanu. Mwamva fungo la masuku."

"Zoonadi, njala yandigwira."

Munsi, kho! Mpando, khwa! Nkhali, phwa!

"Icho?"

"Ndi mabingu a kuphiri. Kwathu amatero akaona mlendo wolemekezeka."

Maungu adayamba kutuluka limodzilimodzi, gubudu gubudu, kukunkhulika m'chidikha. Chinangwa chidatsata pambuyo. Nguluwe adamva msana ukuwongoka. Adayamba kamtoto, kenaka liwiro lenileni, akuyimba ndi chimawu chake:

Ndani wamphamvu? Ndine!
Katundu andiopa, ndine!

"Yankhani, alamu!"

Mbira m'thumbamo, "Ndinu! Ndinu!"

Kumwamba Chiwombankhanga adazungulira, adazungulira. Kanyama kaja kasowa. Akungoona nguluwe ikuthamanga, ikuyimba, ikuikira maungu ngati nkhuku. Adati, "Zimenezi n'zamalodza," n'kuuluka kupita kwina.

Njira ya masiku awiri Nguluwe adaidula tsiku limodzi. Dzuwa litapendeka adafika patsinde pa phiri. Mbira adasuzumira pabowo paja, adaona mwala, adadzitaya, tswi!

Ana inu, phazi lake litagunda mwalawo Mbira adaiwala zothawa. Mwalawo udali wofunda, wokhakhala, monga adausiyira. Adaugonera chafufumimba. Adaunyambita. Misozi chuu. Kenaka adakumbuka mlamu wake, n'kuti tang'a, tang'a, tang'a, mpaka pamwamba pa thanthwe pamene chiboda sichingakwere.

Nguluwe adatsitsa thumba. Lidangoti fwaa, ngati nsanza. Adalowetsamo mutu, mutu udatulukira kunsi.

"Maungu anga! Mtondo wanga! Iwe Mbira!"

"Ndili kuno, alamu."

"Katundu wanga ali kuti?"

"Ali bwinobwino panjira, chilichonse pamalo pake. Simudati mukufuna masuku? Mukadawathira pati thumba lili lodzaza? Ndakukonzerani malo."

Nguluwe adaganiza. Mawuwo adaoneka ngati anzeru. Adathamangira pansi pa msuku, adagwedeza, adagwedeza. Lidagwa limodzi, lobiriwira, louma gwa. Adaliluma, pakamwa padachita thapsa.

"Aawisi!"

"Eya. Amapsa mvula ikagwa. Kwatsala miyezi iwiri."

"Bwanji simudandiuze?"

"Mudandifunsa ngati amagwa, alamu. Simudandifunse kuti amagwa liti."

Nguluwe adalumpha, adaterereka. Adalumphanso, adagwa chagada. Adatukwana Mbira, adatukwana Tchete, adatukwana njati imene idapereka chikopa. Mbira adamusiya akutukwana, n'kumakwera.

Njira adaikumbuka yonse, mpata uliwonse, muzu uliwonse. Pakhomo la phanga adapeza amayi ake akuwothera kadzuwa kotsiriza. Adali atachepa, ubweya utayera. Mbira adaima patsogolo pawo. Nkhalamba idatukula mphuno.

"Mayendedwe ndi a mwana wanga. Koma fungo ndi la nguluwe."

"Ndine, amayi."

"Sendera kuno."

Adamupapasa kumaso, makutu, mapewa.

"Wakula. Waonda. Kodi kuchigwako sakuphikira?"

"Amandiphikira, amayi."

"Nanga udachedweranji?"

Mbira adangoika mutu pamiyendo pawo ngati kamwana, iwo n'kumamusisita, mpaka mwala udazizira.

Nguluwe adabwerera yekha, mphuno pansi, kulondola katundu wake. Maungu adapeza anyani adya. Chinangwa adapeza Nungu wakokera kuuna. Nkhali idali mapale. Chimene adachipeza chamoyo ndi mphero yokha, ili phee pakati pa chidikha, ndipo mphero sadya.

Mpaka lero sadaleke kufunafuna. Mukadzapeza m'munda mwanu mwafukulidwa, chinangwa chazulidwa, maungu alumidwa, musadabwe. Ndi Nguluwe ameneyo, akuti mwina ndi ake aja.

Nthano yanga yafika patsinde, ndaitula pomwepa. Kaphuleni mbatata isanapserere. Koma tsiku lina mukadzamva katundu akupepuka yekha kumsana, wina akukutamani kuti ndinu amphamvu, musathamangire kuyimba. Yambani mwacheuka.