Khitchini ya Kamtedza Yopanda Zenera

Kalekale, kumapiri kozizira kuja, kunali bambo wina dzina lake Kamtedza. Mbuzi anali nazo zambiri, koma umbombo wake unkaposa mbuzizo.

Akapha mbuzi, fungo linkaitana anthu, ndipo iye mtima unkamupweteka. Ndiye anaumba zidina, n'kumanga khitchini ya malata yopanda zenera. Ngakhale kabowo.

Mkazi wake, Nasibeko, anafunsa, "Nanga nthunzi izitulukira pati, bambo?"

"Nthunziyo ndi ya nyama yanga. Ikhale momwemo," anatero Kamtedza.

Chisanu chinafika. Nasibeko akatereka mphika, nthunzi inkakwera, n'kugunda khoma lozizira, n'kusanduka madzi. Khoma linkangochucha. Kenako pangodya panamera chuku, chakuda bii.

Kamtedza anachipala ndi mpeni. Chuku chinabwerera.

Anapaka laimu. Chuku chinabwerera, chitanenepa.

Anapachikapo mphasa kuti achibise. Chuku chinadya mphasa, n'kutsikira mu ufa ndi m'nyemba.

"Bambo, boolani khomali, mphepo izilowa," anatero Nasibeko.

"Iwe sudziwa kanthu. Awa ndi mankhwala a Likongwe wa kuseriyu. Nsanje basi."

Anaitana sing'anga. Sing'anga anafika, anayang'ana khoma lonyowa kalelo, n'kuliwaza madzi ena. Pochoka anakoka mbuzi yonenepa. Chuku chinamwa madziwo, chinakwera mpaka kudenga.

Nasibeko anayamba kutsokomola. Kukacha chifuwa, kukada chifuwa. Tsiku lina anamanga katundu wake m'chitenje.

"Ndikupita kwa amayi," anatero. "Kumeneko mpweya saumana."

Kamtedza anatsala yekha. Ankaphika yekha chitseko chili chotseka, maso ali psuu, nyama ikununkha chuku. Ankadya akutsokomola, koma ankadzitonthoza kuti palibe womupempha.

Tsiku lina masana, mphika uli pamoto, mpweya unamuthera. Anatenga khasu n'kunena yekha, "Kabowo kakang'ono chabe, koti mphuno ya Likongwe isakwanepo."

Anamenya kamodzi. Koma zidina zija zinali zitamwa madzi mpaka kufewa ngati phala. Khoma lonse linangoti gumu, kugwera panja.

Nthawi imeneyo anthu ankachokera kudimba. Anaima. Anaona Kamtedza ali chilili, khasu m'manja, mutu uli mbuu ndi laimu, mphika wa nyama ukubwata kumbuyo kwake.

"Pepani ndi ngoziyi, achimwene," anatero Likongwe. "Tiyeni anthuni, tiwathandize."

Aliyense ananyamula chidina chimodzi, n'kuchiika pambali, n'kukasamba m'manja. Paja wogwira ntchito pakhomo pa mnzake sabwerera ndi njala. Anakhala pansi mozungulira mphika uja. Kamtedza anapatsidwa fupa, poti ndiye mwini khomo.

Nkhani inamupeza Nasibeko kwa amayi ake, chifuwa chitapola. Anabwera kudzaona ndi maso ake. Anayang'ana pamene panali khoma, dzuwa likuwala mpaka pamafuwa, ngodya zonse zitauma gwa.

"Ine ndinapempha zenera, bambo," anatero. "Inu mwandipatsa bwalo."

Anamasula chitenje chake, n'kusonkha moto.

Wamva, mwana wanga? Nyumba nayonso imafuna kupuma. Ukaitseka pakamwa poopa anzako, amene udzadye naye ndi chuku, ndipo chuku sichitsazika.

Nthano yanga ndi imeneyo, yathera pamenepa.