Khadi Yopitira Kwawo ku Thyolo

M'nyumba ya aphunzitsi ku Misuku, kuseri kwa chitseko, munkakhala kamtolo komanga m'chitenje. Kanali ka mayi ake a Amosi Makwinja, mphunzitsi wochokera ku Thyolo amene anawatenga kudzakhala nawo mtima wawo utayamba kuvuta. Mayiwo anakana kukamasula. Ankati iwo ndi mlendo, ndipo chimene ankapempha mwana wawo chinali chimodzi: tsiku lawo likadzafika, asadzawasiye m'mapiri a eni, akawagoneke pafupi ndi amuna awo.

Amosi analonjeza, ndipo kuti lonjezo likhale ndi miyendo, anakatenga khadi ya ngongole ku banki. Galimoto yonyamula maliro kuchoka ku Chitipa mpaka ku Thyolo si masewera. Khadiyo anaibisa pansi m'sutukesi, nati ndi ya tsiku limenelo basi.

Koma mtima wa munthu, inu. Atapita ku boma mwezi wotsatira anaona sola yowala bwino, naganiza kuti khadi yongogona ikhoza kuiwala ntchito. Kenako anaphunzira kutapa nayo ndalama pamakina, n'kumaoda zitenje za ku Tanzania zoti azigulitsa. Sanafunse kuti kutapako kuli ndi chindapusa chake, ndiponso kuti chiwongoladzanja chimayamba kuswana tsiku lomwelo. Zitenjezo anthu anatenga mwa ndidzakupatsani, kudikira ndalama za khofi. Uthenga wa kubanki ukabwera, Amosi ankayang'ana kandalama kakang'ono kamene amati ukapereka sakuvutitsa, n'kupereka komweko. Mvula ikadula msewu ndi netiweki ankachedwa, chilango cha kuchedwa n'kukweranso pamwamba.

Stefano Simwaka, mlimi wa khofi woyandikana nawo, anamutsina khutu. Anati iyenso anakongolapo pogulira feteleza, ndipo ngongole yotere umaipha yonse mwezi womwewo, chifukwa ukangoidula nsonga imaphukira.

"Asambizgi, imeneyo mukuweta ndi nyama," anatero, pomutchula mphunzitsi m'chilankhulo cha kumpotoko. "Ikukula chomene."

Amosi anaseka, nati zinthu za banki n'zoti azisiyire anthu odziwa masamu.

Amene sanaseke ndi mayi ake. Iwo za khadi sankazimvetsa, koma maso anali nawo. Ankaona katundu akulowa m'nyumba popanda ndalama kutuluka m'thumba. Ankaonanso kuti mwezi ukamatha foni imanjenjemera patebulo, mwana wawo n'kusanduka nkhope, n'kutuluka nayo panja m'nkhungu ngati munthu amene waitanidwa ndi dzina. Akabwerako, ndiwo zinkachepa. Tsiku lina masana, nkhungu itatseka mapiri mpaka nthochi zapakhomo kusaoneka, anamuyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Amosi, chimene ukusunga m'sutukesimo n'chiyani? Kwathu chinthu chodya mwezi ndi mwezi osakhuta tili nalo dzina lake. Chikamaliza malipiro chimafuna munthu."

Amosi anawayankha kuti ndi khadi chabe, yomwe ija yowatengera kwawo. Mayiwo anangotembenukira kukhoma, nati ngati ili yawo, n'chifukwa chiyani ikumudya iye.

Anamwalira m'nyengo yothyola khofi, m'mawa wozizira, atakhala pampando moyang'ana kamtolo kawo. Amosi anakwera njinga yamoto kutsikira ku boma misozi ili chuchuchu, nakapangana ndi mwini lole. Atapita kukatapa ndalama zolipirira loleyo, makina anailavula khadi. Anayesanso, inalavulidwanso. Mkati mwa banki anamuuza mwaulemu kuti malire ake anadzaza kale, ndipo gawo lalikulu silinali sola kapena zitenje, koma chiwongoladzanja ndi zindapusa zimene zinkaberekana iye ali m'kalasi. Ngongole ina anam'kaniza chifukwa cha yomweyo. Chipepeso cha aphunzitsi anzake chinangokwanira bokosi, ndipo abale a ku Thyolo anati iwo ankadalira iyeyo.

Stefano ndi abale ake ndi amene anapereka malo pamanda a kwawo, kumtunda kwa munda wa khofi. Anthu a Misuku anaimba bwino, m'chilankhulo chimene mayiwo sanachimvepo bwino ali moyo. Dothi loyamba litagwa pabokosi, foni inanjenjemera m'thumba la Amosi. Sanaitulutse. Ankadziwa amene akumuitana.

Kamtolo kaja anakaika m'sutukesi, natseka. Kutacha anakapeza kuseri kwa chitseko. Anafunsa amayi amene anagona pamaliro, onse anakana kuti sanakakhudze. Anakabwezeranso, mawa lake kanali pomwepo, mfundo yake itayang'ana kunjira. Mwina pali amene ankakasuntha, ine sindinaone. Chimene ndikudziwa n'chakuti Amosi anasiya kukagwira. Mpaka lero amalowa m'nyumba mwake chammbali, kuopa kukakhudza ndi phazi, ndipo mwezi ukatha amatulukabe panja kukadyetsa chinthu chija.

Khadi anaitengera tsiku limodzi lokha, naidya lisanafike. Akuluakulu sananame pamene anati ndidyeretu chire anasowa mbewu.